Kokonati, chinanazi, molasesi kapena tiyi: tiwadyetse chiyani mabakiteriya opanga selulozi?

Viniga wa zipatso kapena kombucha (tiyi wa shuga wosasitsidwa) wofululira pakhomo akakhala milungu ingapo osagwedezedwa, pamwamba pake pamayalana nembanemba yoyererako ndi yoterera, monga momwe phala limachitira khungu likamazizira m'mbale. Ambiri amaitaya poganiza kuti chakumwacho chaonongeka. Chonsecho nembanembayo ndi selulozi, chinthu chomwechija chimene chimapanga ulusi wa thonje ndi pepala, kungoti apa yalukidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Wasayansi wa ku England, Adrian Brown, ndi amene anafotokoza zimenezi koyamba mu 1886 atafufuza zoyandama mu viniga. Bakiteriya wodziwika kwambiri pa ntchitoyi masiku ano amatchedwa Komagataeibacter xylinus, ngakhale m'mabuku akale mumupeza ndi dzina la Acetobacter xylinum.

Tizilomboti timadya shuga n'kumatulutsa timaulusi towonda kuposa ulusi wa thonje koposa ka 100. Timafuna mpweya, n'chifukwa chake timalukira pamwamba penipeni pamene madzi akumana ndi mpweya. Selulozi ya mumtengo imabwera yosakanikirana ndi zinthu zina zolimbitsa thunthu, ndipo mafakitale a mapepala amaononga mankhwala ndi moto wambiri kuti ailekanitse. Ya mabakiteriyayi imabadwa yoyera kale. Ikakhala yaiwisi, pafupifupi magawo 99 pa 100 alionse ndi madzi, komabe kuing'amba ndi manja n'kovuta.

Chimene chaikaniza kufalikira ndi mtengo wa chakudya cha tizilomboti. M'malabotale amagwiritsa ntchito msanganizo umene Hestrin ndi Schramm anaukonza mu 1954, wa gulukosi, peputoni (mapuloteni ophwanyidwa kale) ndi msuzi wa yisiti. Umagwira ntchito bwino koma ndi wodula, ndipo kuno zonsezo n'zoitanitsa kunja. Choncho funso lenileni ndi lakuti: pa zomera zimene tili nazo, makamaka zimene timataya, n'chiti chingalowe m'malo mwake? Yankho limadalira zinthu ziwiri, chimene chikutayidwa pafupi ndi inu, ndiponso chimene mukufuna kupanga pamapeto pake. Chakudya choyenera wopanga zodyedwa si chimene chingayenere wopanga zikwama.

Madzi a kokonati

Iyi ndiye njira yokhayo imene yatsimikizika pa malonda aakulu kwa zaka zambiri. Ku Philippines anayamba ndi chinanazi: kuchigawo cha Laguna anthu ankapanga chakudya chotchedwa nata de piña kuyambira zaka za m'ma 1700. Vuto linali lakuti chinanazi chili ndi nyengo yake. Mu 1949 katswiri wa zosakaniza mankhwala, Teódula Kalaw África, anaonetsa kuti madzi a kokonati amene mafakitale ankangotaya angagwire ntchito yomweyo chaka chonse, ndipo apo ndi pamene panabadwira nata de coco, tizidutswa toyera totafunika tija timene timapezeka m'zitini za zipatso ndi m'zakumwa zina za ku Asia. Cha mu 1993 anthu a ku Japan anaikonda kwambiri moti mabanja ambirimbiri ku Philippines anayamba kuipanga m'nyumba zawo.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Amasefa madzi a kokonati wokhwima, kuthiramo shuga chifukwa wachibadwa ndi wochepa, kuwiritsa, kuthira asidi wa viniga kuti awawase mpaka pH (muyezo wa kuwawasa) itsike kufika cha pa 4, ndipo akazizira amathira mbewu ya mabakiteriya (madzi okhala ndi mabakiteriya amoyo), pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi. Kenako amagawa m'mathileyi osazama, kuvundikira ndi pepala loyera, n'kuwasiya osawakhudza kwa sabata imodzi kapena awiri. Nata yake imatuluka yoyera mbee, yopanda fungo lachilendo.

Kwa anthu a ku Quelimane ndi madera ena a Zambézia kapena Inhambane ku Mozambique, kumene kokonati ndi mbewu ya malonda, njirayi njoyenera kuiganizira mozama, ngakhale nthenda yochititsa chikasu masamba inapha mitengo yambiri ku Zambézia. Kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata n'zosathandiza. Phindu la njirayi lagona pakuti madziwo ndi aulere. Mukayamba kugula kokonati kuti mupeze madzi, mwaluza musanayambe.

Tiyi ndi shuga

Wophunzira aliyense ayambire apa. Lita imodzi ya madzi, masamba a tiyi okwana masupuni ang'ono awiri kapena atatu, shuga wa pakati pa magalamu 50 ndi 100, kapu ya kombucha wakale wowawasa bwino, ndi kachidutswa ka nembanemba yakale ngati kalipo. Tiyi amapereka nayitrojeni pang'ono, shuga ndiye chakudya. Mu kombucha mabakiteriya sakhala okha, amakhala pamodzi ndi yisiti. Yisiti amaphwanya shuga wa nzimbe kukhala tizigawo tosavuta kudya n'kutulutsako mowa pang'ono, ndipo mabakiteriya amasandutsa mowawo asidi. Asidiyo ndi amene amathamangitsa tizilombo tina ndi chuku. Ichi n'chifukwa chake njira imeneyi imakhululukira zolakwa za wongoyamba kumene kuposa ina iliyonse.

Dziwani kuti si botolo lililonse lolembedwa kombucha m'golosale limene lili ndi tizilombo tamoyo. Zakumwa zambiri zogulitsa amaziwiritsa kapena kuzithira mankhwala osungira kuti zisapitirize kusasa. Kuyesa kwake n'kophweka: thirani pang'ono m'tambula, vundikirani ndi kansalu, dikirani sabata. Pakapanda kuoneka kanembanemba pamwamba, mbewu imeneyo njakufa.

Kuipa kwa njirayi kuli pawiri. Nembanemba imatuluka yofiirira chifukwa cha tiyi, ndipo yisiti amatulutsa mpweya umene umaitukula n'kuisiya ya mabampu ndi mabowo. Chachiwiri ndi chachikulu: mukugula shuga wa patebulo, yemwe mtengo wake ukusowetsa kale anthu mtendere, kuti mupeze magalamu ochepa chabe a selulozi youma pa lita iliyonse. Ngati mukugulitsanso chakumwacho, nembanemba n'kukhala phindu lapambali, masamu akhoza kutheka. Koma kuwiritsa tiyi wa shuga ndi cholinga chongokolola nembanemba, n'kutaya madzi, sindikuona momwe kungapindulire. Ku Thyolo ndi ku Mulanje kuli fumbi la tiyi ndi timitengo totsalira posankha masamba, ndipo izi zingachepetse mtengo wa tiyi, koma tiyi si amene amadula pa msanganizowu.

Makoko a chinanazi

Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndimaiona kuti ikutiyenera kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono. Nyengo ya chinanazi ikakwana, pitani pamsika wa ku Mulanje, ku Limbe kapena pamalo okwerera mabasi muone mulu wa makoko ndi mitima umene ogulitsa chinanazi chosenda amasiya pofika madzulo. Pa chinanazi chimodzi, gawo lalikulu ndithu limathera kudzala. Makoko amenewo ali ndi shuga wa mitundu itatu, wina woti mabakiteriya angadye nthawi yomweyo popanda kuyembekezera yisiti, komanso ndi owawasa kale mwachibadwa, kufupi ndi mlingo umene tizilomboti timakonda. Zimene mumayenera kugula, shuga ndi viniga, zimachepa kwambiri.

Makoko atengedwe tsiku lomwelo asanayambe kununkha mowa. Atsukeni bwino chifukwa amakhala ndi dothi ndiponso mwina mankhwala a kumunda, aduleni, asinjeni kapena kuwapera, onjezani madzi, finyani pa nsalu yoyera. Madziwo awiritseni kwa mphindi khumi kapena kuposerapo. Kuwiritsa si nkhani yosankha: makoko amanyamula yisiti ndi chuku cha m'tchire, ndipo mukazisiya zamoyo zimadya shuga yense mabakiteriya anu asanadzuke n'komwe. Lawani. Ngati kutsekemera kukumveka patali, onjezani shuga pang'ono. Akazizira mpaka poti chala sichikumva kutentha, thirani mbewu n'kugawa m'mabeseni apulasitiki kapena m'mbale zagalasi. Zitsulo ndi aluminiyamu ayi, asidi amazidya.

Kuya kwa madzi kusapitirire masentimita atatu kapena anayi. Popeza ulusi umalukidwa pamwamba pokha, beseni lotambalala limabereka kuposa ndowa yozama ngakhale madzi akhale ofanana. Vundikirani ndi nsalu yothina maso ndipo mumange ndi mphira, chifukwa touluka tating'ono tokonda zipatso zowola timanunkhiza asidi patali, ndipo tikaikira mazira mupeza mphutsi. Pakatha masiku atatu kapena anayi, mukasuzumira chammbali muona kanthu kopyapyala ngati utsi pamwamba pa madzi. Apa ndi pamene ambiri amaonongera, pofuna kunyamula beseni kuti aone bwino. Kanembanembako kakamira sikapitiriza kukula. Pamwamba pamayamba kena katsopano, ndipo mapeto ake mumakolola timapepala tiwiri titatu topyapyala m'malo mwa chimodzi chokhuthala.

Zovuta zake zilipo. Kutsekemera kwa makoko kumasiyana malinga ndi kupsa kwa chipatso, choncho zokolola sizifanana ulendo uliwonse. Nembanemba imakhala yachikasu pang'ono ndipo imanunkhira chinanazi, zomwe n'zabwino pa chakudya koma zosafunika pa ntchito zina. Ndipo vuto lomwe linawasunthira anthu a ku Philippines ku kokonati lidakalipo: nyengo ikatha, makoko amasowa. Mango ndi nthochi zakupsa kwambiri zingatseke mpatawo, ngakhale madzi ake amakhala a phalaphala ovuta kusefa. Amene ali pafupi ndi fakitale yokonza zipatso, monga ya mango ku Salima, ali ndi mwayi woposa wotolera pamsika.

Pali chinthu chimodzi chimene zipatso zonse zimaperewera, ndicho nayitrojeni. Opanga nata ku Asia amathira amoniyamu salufeti pang'ono. Mu 2015 nkhani inavuta ku Indonesia zitadziwika kuti ena ankathira feteleza weniweni wa kumunda, ndipo boma linalamula kuti wogwiritsa ntchito mu nata akhale woyeretsedwa, wovomerezeka m'zakudya. Feteleza wa m'thumba akhoza kukhala ndi zitsulo zapoizoni, choncho asayandikire chilichonse chodyedwa. Ofufuza a komweko anaonetsa kuti madzi owiritsira mphodza zomeretsa amathandiza m'malo mwake, ndipo mphodza sitisowa.

Nzimbe ndi molasesi

Madzi a nzimbe amagwira ntchito, koma ndi chakudya cha anthu ndipo ali ndi msika wake. Chokopa kwambiri ndi molasesi, manyuchi akuda otsalira popanga shuga, amene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga ndipo ali ndi michere ina imene tizilomboti timafuna. Lita imodzi mukaisungunula imadzaza mabeseni angapo, sawola msanga, ndipo alibe nyengo mukamusunga bwino. Pa kuchuluka kwa zokolola poyerekeza ndi ndalama zolowa, amaposa tiyi wa shuga kutali.

Koma musamutenge ngati chinthu chotayidwa. Molasesi wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo ali ndi eni ake kale: kampani ya EthCo yakhala ikupanga ethanol ku Dwangwa kuyambira 1982, PressCane ku Chikwawa kuyambira 2004, ndipo alimi a ng'ombe nawonso amamufuna. Kuonjezera apo, amadetsa nembanemba kwambiri, ndipo akachuluka m'madzi amafooketsa mabakiteriya m'malo mowalimbikitsa. Amafunika kumusungunula kwambiri, kumuwiritsa, kumusiya kuti zinyalala zidikhe pansi, n'kutenga wapamwamba yekha. Kwa wopanga zinthu zonga chikopa, mtundu woderawo si vuto, mwinanso ndi wokongola. Kwa wopanga chakudya choyera, kuyeretsa kwake kumadya phindu lonse.

Madzi a chinangwa

Ku Indonesia amapanganso nata kuchokera ku madzi otsalira popanga sitalichi wa chinangwa ndi otsalira popanga tofu, chakudya chopangidwa ndi mkaka wa soya. Ndiye munthu wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota, kumene chinangwa chimavikidwa tsiku ndi tsiku kuti apange kondowole, akhoza kufunsa ngati madzi amenewo sangagwire ntchito. Angagwire, koma pali mfundo ziwiri. Mabakiteriyawa sadya sitalichi mwachindunji, amafuna ataphwanyidwa kukhala shuga. Luso limenelo tili nalo kale, pakuti ndi ntchito imene chimera chimagwira mu thobwa. Mfundo yachiwiri ndi yoopsa: madzi ovikamo chinangwa chowawa amakhala ndi poizoni wa sayanaidi, yemwe ndi chifukwa chenicheni chimene chinangwacho amachivikira. Popanda labotale yoyeza, madzi amenewa asagwiritsidwe ntchito pa chodyedwa.

Mapesi, zitsononkho ndi zotsalira za nzimbe zofinyidwa

Papepala izi zimaoneka zopambana zonse chifukwa n'zochuluka ndipo ambiri amangozitentha. Koma shuga wake ndi womangika mwamphamvu. Kuti amasuke pamafunika asidi ndi kutentha kwakukulu, kapena ma enzyme (mankhwala achilengedwe ophwanya zinthu) okwera mtengo, ndipo kuphikako kumatulutsa mankhwala ena monga furfural amene amalepheretsa mabakiteriya kukula, kotero pamafunikanso kuwachotsa ndi laimu kapena makala okonzedwa mwapadera. Iyi ndi ntchito ya ofufuza ndi mafakitale aakulu. Pakhomo, mapesi ali ndi phindu lalikulu akakhala manyowa kapena chakudya cha ziweto.

Kusiya phee kapena kutakasa

Zonse ndafotokozazi ndi za madzi ongokhala phee, zomwe zimapereka chinsalu chathunthu. Mafakitale ena amatakasa madziwo m'matanki n'kumapopera mpweya. Zikatero selulozi imatuluka msanga koma ngati timibulu kapena ulusi womwazika, woyenera kukhuthalitsira zinthu zamadzimadzi monga sopo wochapira. Kutakasa kulinso ndi vuto lodziwika bwino: pakapita nthawi pamabadwa mabakiteriya aulesi osaluka ulusi, ndipo amachulukana kuposa anzawo. Onjezanipo nkhani ya magetsi athu, muona kuti beseni ndiye njira yathu.

Kutentha kumene tizilomboti timakonda ndi madigiri 28 mpaka 30. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, makamaka ku Dedza kapena ku Mulanje chiperoni chikagwa, kukula kumachedwa kwambiri ndipo chuku chimapeza mpata. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala vuto ndi kutentha kopitirira. Mukaona madontho aubweya obiriwira kapena akuda pamwamba, tayani zonse, tsukani beseni ndi madzi owira, yambaninso ndi mbewu ina.

Mukakolola, mupanga chiyani?

Chakudya ndicho chapafupi. Nata amaidula timabokosi, kuiviika m'madzi osinthasintha kwa masiku angapo, kuiwiritsa mpaka kuwawasa ndi fungo la viniga zitatha, kenako kuiphika m'madzi a shuga. Imakoma mu yogati, mu saladi wa zipatso ndi m'zakumwa zozizira. Thupi la munthu siligaya selulozi, choncho imathandiza m'mimba ngati gaga koma si chakudya chomanga thupi, ndipo asaipatse mwana wonyentchera poganiza kuti imukhutitsa m'malo mwa phala. Wofuna kugulitsa adutse ku Malawi Bureau of Standards monga amachitira aliyense wopanga zakudya. Pa ntchito iyi chinanazi ndi kokonati ndiye zoyenera.

Pa zonga chikopa, kumbukirani masamu a madzi aja. Chinsalu chaiwisi chotalika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, chokhuthala sentimita imodzi, chimalemera pafupifupi makilogalamu 10, koma chikauma pamatsala magalamu 100 okha, osasiyana kwambiri ndi pepala la mu ofesi lomwe limalemera magalamu 80 pa kukula komweko. Kuti mupeze chosokeka mufunika kulera nembanemba yokhuthala masentimita awiri kapena atatu kwa milungu itatu kapena inayi, kapena kusanjikiza zingapo zikadali zonyowa, chifukwa zimamatirirana zokha pouma. Chouma chimalandira utoto bwino kwambiri, koma chimakonda madzi: mvula ikachinyowetsa chimafewa n'kutupa. Amachipaka phula la njuchi ndi mafuta kuti chipirire, komabe sichifika pa chikopa cha ng'ombe. Suzanne Lee wa ku London anatchuka posoka majekete a kombucha pa ntchito yake ya BioCouture. Kampani ya Malai ku Kerala, m'dziko la India, imasakaniza selulozi ya madzi a kokonati ndi ulusi wa nthochi ndi khonje kuti ilimbe, ndipo Polybion ya ku Mexico imadyetsa mabakiteriya ake zotsalira za zipatso. Nzeru ya Malai ndi yoyenera kutengera, poti makungwa a nthochi ndi khonje tili nazo. Zikwama zazing'ono, zikuto za mabuku ndi zotchingira nyale n'zotheka. Nsapato za m'dzinja ayi. Apa molasesi ndiye mwini ntchito.

Ena amaona selulozi imeneyi ngati yolowa m'malo mwa majumbo opyapyala amene boma linaletsa mu 2015. Imaoladi m'nthaka, koma chinthu chotenga milungu iwiri kuti chikule sichingapikisane pa mtengo ndi jumbo la pamsika. Pokutira sopo wopanga pamanja kapena zinthu zina zamtengo wapatali, mwina.

Kumene selulozi imeneyi yaonetsa mphamvu zake zenizeni ndi kuchipatala. Ku Brazil anayamba kuigwiritsa ntchito pa mabala a moto m'zaka za m'ma 1980 ndi dzina la Biofill, ndipo lero ku Ulaya kuli zophimbira mabala monga Suprasorb X. Imasunga chinyezi pabala, imalola mpweya kudutsa, imaziziritsa ululu, ndipo pochotsa siimatirira n'kusupula mnofu watsopano. Aliyense amene anaonapo mwana wopsa ndi phala kapena wogwera pamoto akusinthidwa bandeji akudziwa kufunika kwa zimenezi. Koma ya kuchipatala amailera ndi mbewu ya mtundu umodzi m'chipinda chotetezedwa, amaiphika mu soda wa kositiki kuti zotsalira zonse za tizilombo zichoke, amaitsuka mpaka sodayo atatheratu, n'kuipha majeremusi ndi makina. Payokha siipha majeremusi. Ya m'beseni la pakhomo isaikidwe pabala ngakhale pang'ono.

Ntchito zina n'zapatali ndi ife koma zikusonyeza kulimba kwa ulusiwu. Mu 1989 kampani ya Sony inatulutsa mahedifoni a MDR-R10 okhala ndi kanembanemba kotulutsa mawu kopangidwa ndi selulozi imeneyi, ndipo osamalira mabuku akale amaigwiritsa ntchito pomata mapepala ong'ambika.

Chimene chingalepheretse munthu wa kuno si makoko kapena molasesi, koma mbewu. Ku Philippines ndi ku Indonesia mbewu ya nata imagulitsidwa m'mabotolo, ndipo wopanga amadziwa chimene wagula. Kuno wofuna kuyamba amadalira kombucha wopatsidwa ndi mnzake, amene mphamvu zake zimasintha mwezi ndi mwezi. Mungathe kudzisungira mbewu posankha beseni limene labereka bwino koposa, kutunga madzi a pansi pa nembanemba yake, n'kumawadyetsa madzi atsopano owiritsa milungu iwiri iliyonse m'mabotolo awiri osiyana, kuti limodzi likaonongeka linalo likupulumutseni. Koma kusunga mbewu yoyera ya mtundu umodzi n'kumaigawa kwa anthu ndi ntchito yofuna labotale. Sukulu za ukachenjede monga MUST, yomwe ili ku Thyolo kufupi ndi minda ya tiyi ndi ya chinanazi, kapena LUANAR ku Bunda, zili ndi akatswiri a tizilombo ndi a zakudya amene ntchito yotereyi siingawavute, ndipo magulu a amayi opanga juwisi ndi jamu ndiwo angakhale oyamba kukagula botolo.